Chivomerezi cha m'buku ndi mng'alu wa ku Bilila

Funsani mwana wa sekondale chimene chimagwedeza dziko. Adzakuyankhani za m'buku mosadodoma, nkutchulanso Japan. Mukamufunsanso madzulo pakhonde, mudzamva zina: ati ndi Napolo akusamuka, ati nthaka yatopa ndi dzuwa la mu Okotobala, ati dziko limang'ambika nkumeza anthu. Mayankho awiriwa amakhala m'mutu umodzi osakangana. Apa mpamene kaphunzitsidwe kathu kamalephera: timamuunjikira mwana mawu atsopano tisanamufunse chimene akukhulupirira kale.

Za Napolo nzosavuta kuwongola, pakuti nkhani yake ndi ya mvula ndi kugumuka kwa phiri, monga zidachitikira ku Phalombe mu 1991. Lovuta ndi ganizo loti chivomerezi ndi tsoka la maiko akutali. Nyanja yathuyi idakhala m'chigwa chomwe chidapangika chifukwa nthaka ya kuno ikupatukana, mamilimita ochepa pachaka, mochedwa kuposa mmene chikhadabo chimakulira. M'munsi mwa mapiri a Ntcheu ndi Dedza mudadutsa mng'alu wa Bilila-Mtakataka, wotalika pafupifupi makilomita 100, ndipo m'malo ena umaoneka ngati chiphompho chofika mamita 10. Akatswiri a miyala amauwerengera pakati pa ming'alu yomwe ingathe kubweretsa chivomerezi chachikulu. Komabe mwana wa ku Bilila atha kumaliza Fomu 4 akujambula mapu a California, chiphompho cha kwawo osachiponda ndi mphunzitsi ngakhale tsiku limodzi.

Mboni nazo zilipo. Pa 10 Malichi 1989 chivomerezi cha ku Salima chidapha anthu 9 ndi kusiya ena pafupifupi 50,000 opanda pokhala; mu Disembala 2009 Karonga idagwedezeka masabata angapo. Ana akadatumidwa kukafunsa makolo awo a m'mbali mwa nyanja, akadamva okha kuti palibe yemwe adamezedwa ndi nthaka. Choopsa chidali makoma a njerwa zomangira dothi. Kusiyana kumeneku sikochepa: woopa kumezedwa sadziwa kothawira, pamene woopa khoma amabisala pansi pa desiki, ndipo akatuluka amatalikira chipupa.

Ena adzati sukulu zilibe zipangizo. Pakamveka mawu amenewa ine ndimakayika. Mangani njerwa ndi mphira ya chubu cha njinga, muikoke pang'onopang'ono pasimenti. Mphira imatamuka, njerwa ili duu. Kenako imalumpha mwadzidzidzi. Umo ndi momwe thanthwe limasungira mphamvu kwa zaka mazanamazana nkuitulutsa m'kamphindi. Ophunzira ayambe alosera nthawi yomwe njerwayo ilumphe. Akalephera kasanu, adzazindikira chifukwa chake palibe katswiri amene angatchule tsiku la chivomerezi, ndipo uthenga wa pa WhatsApp wonena kuti chibwera Lachisanu usiku adzauwerenga ndi maso ena.