Chisoni Chosaoneka Pankhope

Amene anakulira ku Mbare, ku Zimbabwe, amadziwa kuti chisoni chenicheni sichikuwa. Mu 2005, pa Murambatsvina, tinyumba takuseri titagwetsedwa, ambiri ankangokhala pa katundu wawo duu, dzanja lili patsaya. Bata limeneli ndimalipezanso m'zithunzi za Jacques Callot wa ku Nancy, mzinda womwe lero uli m'dziko la France.

Mu 1633 Callot anatulutsa zithunzi 18 za masautso a nkhondo. Ankamata vanishi pachitsulo cha kopa, n'kukandapo ndi singano, n'kuchiviika mu asidi. Asidiyo amadya mokandidwa mokhamo, ndipo inki yotsalira m'timikwasoto ndiyo imadinda pepala. Iye ankaviika kangapo, ulendo uliwonse akuphimba mbali zina, kuti zakutali zituluke mbuu, zapafupi bii. Nsonga ya singano yake inali yopendekera: akaipotoza pang'ono, mzere unkanenepa n'kuwondanso.

Taonani chimodzi mwa zithunzizo, cha mtengo. Anthu ali lendelende m'nthambi ngati mivunguti, wansembe wakwera makwerero mtanda uli m'manja, pansi ena akuponya madayisi pang'oma. Chithunzicho kukula kwake ngati chikhatho, moti nkhope sizioneka bwino n'komwe. Ululu wonse uli m'miyendo yolendewerayo, ndi m'madayisiwo. Ife zidzukulu za amene anachokera ku Nyasaland izi siziyenera kutidabwitsa: gule akatuluka pamaliro ku Mufakose, chigoba sichisintha nkhope, koma mapazi ndi fumbi zimatiuza zonse.

Ku Mbare komweko kunali situdiyo ya BAT ya National Gallery, kumene anaphunzira Portia Zvavahera, mmodzi mwa oimira Zimbabwe pachionetsero cha ku Venice mu 2013. Iye amajambula maloto ake, ndipo zovala za anthu ake amazidinda mobwerezabwereza ndi inki ya osindikiza, mpaka maluwa a nsaluyo amameza thupi lonse. Nkhope amangoisiya mwachimbuuzi. Kwa ine apa ndi pamene amakumana ndi Callot, ngakhale wina amadzaza khoma, wina chikhatho.

Zimene zimandinyansa ndi zithunzi zija zogulitsa kwa alendo, za mayi wamisozi ikuluikulu ngati nandolo. Wojambula wandilirira kale, ine nditaninso?

Mukadzalowa mu National Gallery, mumsewu wa Julius Nyerere, musathamangire nkhope. Senderani pafupi ndi pepala, muone pamene inki yakhathamira ndi pamene dzanja linapepuka.