Mdindo wa ku Granada, mdindo wa ku Dowa

Nyumba yachifumu ya Alhambra, imene anthu oposa 2 miliyoni amakaiona chaka chilichonse mumzinda wa Granada ku Spain, ndi nyumba ya mdindo. Makoma a linga lake ndi nsanja zake zambiri, kuphatikizapo nsanja ya Comares yotalika mamita 45 imene munali mpando wa mfumu, anazimanga pothira dothi lachinyezi m'chikombole cha matabwa n'kulisinja mpaka kulimba. Ndi ntchito yomwe ija mkamwini wa kwa Msakambewa kapena kwa Kalumo amagwira anthu akakolola, apongozi atamulozera pomanga. Kusiyana kwake n'kwakuti wa ku Granada waima zaka pafupifupi 700, pamene wathu timauwerengera zaka zochepa, ndipo mwini wake amayankhula za nyumba yakeyo mopepesa, kuti akungodikira apeze ya njerwa.

Asilamu ochokera kumpoto kwa Africa, amene mabuku amawatcha a Moor, anawolokera ku Spain m'chaka cha 711. Pofika mu 1238 dera lawo linali litachepa, ndipo Muhammad woyamba wa banja la Nasrid anakwera phiri la Sabika n'kuyamba kumanga linga. Zipinda zimene alendo amathamangira lero anazimanga pambuyo pake, makamaka Yusuf woyamba, amene analamulira kuyambira 1333 mpaka 1354, ndi mwana wake Muhammad wachisanu. Pa 2 January 1492 mfumu yomaliza, Boabdil, inapereka mzindawo kwa mafumu achikhristu, Ferdinand ndi Isabella.

Zonsezi woperekeza alendo amakuuzani muli chiyendere, kawailesi kali m'khutu, chifukwa tikiti yolowera m'zipinda za mafumu imalembedwa nthawi yake, ndipo mukachedwa ndiye kuti zanu zada. Ulendo wonse umakhala wa maola ngati atatu, koma mtima wa woperekezayo uli pa bwalo la mikango 12 yosema yosenza beseni la madzi, lozunguliridwa ndi nsanamira 124 za mwala wa mabo. Mayi amene anaperekeza gulu lathu ankaidziwa ntchito yawo, nthano za mafumu ndi akazi awo zinali pamlomo. Koma titafika pa Alcazaba, chigawo chakale kwambiri kumene kunkakhala asilikali, anangotilozera masitepe okwerera pansanja kuti tikajambule mzinda ndi mapiri a Sierra Nevada. Nditafunsa kuti, "Amayi, khoma ili analimanga bwanji?" anandiuza mwachidule kuti ndi dothi, timiyala ndi laimu, maso ali pa wotchi. Sananame. Kungoti m'mawu atatuwo ndi mmene muli luso lalikulu la phiri lonselo.

Mukaima pafupi ndi khomalo mumaona mizere yopingasa, wina pamwamba pa unzake, motalikirana osafika mita imodzi. Mzere uliwonse ndi pamene chikombole chinathera, amisiri n'kuchikweza. M'malo ena muli tizibowo tondandalikana bwinobwino, mosiyidwa ndi mitengo imene inkanyamula matabwa. Pamene khungu la khoma linasupuka pamaoneka timiyala tobulungira ta m'phiri momwemo, tomatirira m'dothi lofiira. Chinsinsi chili pakhungupo. Asanathire dothi, amisiri ankayamba aika matope a laimu m'mphepete mwa matabwa, kenako dothi pakati, n'kusinja zonse pamodzi. Akamasula chikombole, khoma linkatuluka litavala kale chikopa cholimba, cholumana ndi dothi la m'kati, chosiyana ndi pulasitala womata pambuyo amene amafufuma n'kugwa mvula ikamenya. Laimu ankamuika pamene mvula imafika, osati kumumwaza khoma lonse. Awa anali anthu odziwa kuwerengera chuma chawo.

Mmisiri wathu wa mdindo sangadabwe nazo zambiri mwa izi. Amene anaonererapo ntchitoyi m'midzi ya kumunsi kwa phiri la Ntchisi akudziwa kuti si yongothira ndi kusinja. Pali kusankha dothi: la pamwamba lokhala ndi mizu ndi zinyalala amalikankhira pambali, la makande lokhalokha limang'aluka likauma, la mchenga wambiri siligwirana. Pali madzi, amene ndiwo amasiyanitsa katswiri ndi wophunzira. Mmisiri amatapa dothi, kulifinya m'manja n'kutambasula chikhatho. Likachita mbulumbulu wosonyeza zala koma osamata m'manja, lakwana. Likatuluka m'mipata ya zala, madzi achuluka, ndipo khoma lidzachita ming'alu. Posinja amathira pang'onopang'ono, ndipo khutu ndi limene limamuuza posiyira, chifukwa dothi likakhuta kulira kwa chosinjira kumasintha, kumauma. Pamakona, mzere wa lero umadutsa pamwamba pa mfundo ya dzulo kuti makoma awiri alumane. Palibe cholembedwa. Mnyamata amaphunzira ponyamula ndowa za dothi kwa amalume ake.

Ndiye wathu umagweranji? Anthu amafulumira kunena kuti vuto ndi dothi. Ine ndikuti vuto ndi zimene timadumpha. Nyumba zambiri za mdindo zimayambira pa nthaka yongopalapala, popanda maziko a miyala, chonsecho m'mapiri a Dowa miyala ili mbwee m'minda, alimi akuiunjika m'malire. Chinyezi chimakwera kuchokera pansi, madontho a padenga amathovukira m'munsi mwa khoma, chiswe chimapeza njira, ndipo khoma limadyeka m'miyendo kumtunda kuli bwinobwino. Makoma athu ndi opyapyala, pamene a nsanja ya Comares ndi okhuthala kuposa mamita awiri, moti zenera lililonse la chipinda cha mfumu ndi kachipinda pakokha kokhalamo munthu. Palibe akunena kuti nyumba ya banja ifike pamenepo, koma khoma la dothi limafuna thupi. Laimu sitimuganizira n'komwe, ngakhale amawotchedwa konkuno ku mapiri a Chenkumbi ku Balaka.

Chachikulu koposa ndi madzi. Alendo amaona madzi a ku Alhambra ngati chokongoletsa: thamanda lalitali la kutsogolo kwa nsanja ya Comares limene nsanjayo imaonekeramo chadodolido, akasupe, ndi timifuleni tinayi tokumana pa mikango ija. Koma asanaganize zokongoletsa, Muhammad woyamba anakumba ngalande yotenga madzi mumtsinje wa Darro, mtunda wa makilomita ngati 6, kuyenda m'mbali mwa phiri mpaka kudutsa m'minda ya Generalife n'kulowa m'linga. Womanga ndi dothi amadziwa kuti madzi ongodziyendera ndi amene adzagwetse nyumba yake, choncho dontho lililonse amalipatsa njira. Makolo athu ankazidziwa izi. Denga la udzu linkatsika kwambiri n'kupitirira khoma, khonde lokwera n'kuzungulira nyumba yonse, nsanamira zikuchirikiza. Mvula ya mphepo inkathera pakhonde. Malata atabwera tinayamba kuwerenga mapepala a malata, ndipo poti n'ngodula, denga linafupika mpaka kungosuzumira pakhoma. Tayendani pamsewu wochoka ku Mponela kupita ku Ntchisi mwezi wa February muone makoma a mdindo ofoleredwa ndi malata, mmene madzi alembera mizere kuchokera pamwamba. Nyumba yakale ya udzu yoyandikana nayo, yonyozekayo, khoma lake limakhala louma.

M'kati mwa zipinda za mafumu nkhani ndi yomweyo, ngakhale maso amakana. Zimene zimaoneka ngati mwala wosemedwa mwaluso losaneneka ndi pulasitala wa gypsum, mwala wofewa umene umapezekanso m'madambo a kufupi ndi Mponela. Zambiri ankaziumba m'zikombole n'kuzimata pakhoma, chithunzi chimodzi kubwerezedwa kambirimbiri. Denga la chipinda chotchedwa cha Alongo Awiri lili ndi timapanga pafupifupi 5,000 tolendewera ngati zisa za njuchi, ndipo kuwala kolowera m'timazenera ta pamwamba kumasweka m'timapangato mpaka denga kuoneka lopanda kulemera. La chipinda cha mfumu ndi la timatabwa toposa 8,000 tolumikizidwa m'maonekedwe a nyenyezi. M'munsi mwa makoma, pamene pamakhudza misana ndi manja a anthu, anaikapo matailosi. Pulasitala wosachedwa kuwonongeka anamukweza pamwamba. Mayi wa kwathu akamazira khoma amachitanso chimodzimodzi: mtsiro wakuda m'munsi mofika matope ndi manja a ana, dothi loyera kapena lofiirira kumtunda, mzere wolekanitsa wowongoka popanda chingwe. Amabwereza chaka ndi chaka, ndipo kuzirako ndiko kumasunga khoma. Mabuku a zomangamanga satchula dzina lake.

Sindinakonde zonse. Zipinda zina zadzaza mopyola, palibe pamene diso lingapumire, ndipo ndikukayika ngati ndikanapirira masiku amene makomawo anali opakidwa utoto wofiira, wabuluu ndi wagolide, umene lero unafwifwa. Ndakatulo za Ibn Zamrak zolembedwa m'makoma, kwa ife osawerenga Chiarabu, zimangosanduka maluwa ena, ndipo woperekeza alibe nthawi yomasulira. Koma poyerekeza ndi nyumba ya miyala imene Mfumu Charles wachisanu anayamba kumangitsa pakati pa lingalo mu 1527, za dothi ndi pulasitalazo ndi zimene zili ndi moyo. Ya miyalayo ndi yolemera, yodzionetsera, ndipo inakhala zaka mazana yopanda denga.

Chipata cha Chilungamo, chomangidwa mu 1348, chinandikumbutsa kuti nafenso tinamangapo malinga. Njira yake sipita molunjika, imakhota kangapo mumdima, kuti mdani wolowa mothamanga atsike liwiro asilikali akumudikira pakona. M'zaka za m'ma 1800, Angoni a Chiwere atakhazikika m'mapiri a Dowa, Achewa ambiri anatchinga midzi yawo ndi malinga, ena anathawira m'nkhalango ya paphiri la Ntchisi. Samuel Josia Ntara, amene analemba Mbiri ya Achewa komanso mbiri ya Msyamboza wa ku Chibanzi, anatisungira nkhani za nthawi imeneyo. Koma mlendo wofika ku Ntchisi lero amaonetsedwa nkhalango, mbalame, ndi nyumba imene inamangidwira bwanamkubwa wachitsamunda mu 1914. Ku Dowa angakutengereni ku Mvera kumene mishoni inayamba mu 1889, kapena ku Kongwe. Za malinga mumangomva pakamwa pa akuluakulu. Nkhondo zitatha, anthu anatuluka n'kukalima pamenepo.

Alhambra nayo inatsala pang'ono kutha chomwecho. Asilikali a Napoleon anaphulitsa nsanja zina pochoka mu 1812, ndipo mlembi wa ku America Washington Irving atakagonamo mu 1829 anapeza anthu osauka akukhala m'zipinda za mafumu. Buku lake la mu 1832 ndi limene linakopa alendo, ndipo ntchito yokonza mosamala inadzagwiridwa ndi Leopoldo Torres Balbás kuyambira 1923 mpaka 1936. UNESCO inaika malowa pamndandanda wake mu 1984. Mpaka lero amisiri sachoka pamakomapo. Dothi limakhalitsa pokhala wolisamalira, ndipo pamenepa ndiyenera kuvomereza mbali ya otsutsa. Mvula ya chaka chonse ku Granada sifika theka la imene imagwa m'mapiri a Ntchisi. Mfumu inali ndi msonkho wa dziko lonse, mlimi wa fodya ali ndi zimene zatsala akabweza ngongole ya feteleza. Udzu wofolera ukusowa, ndipo mayi amene watopa ndi kuzira chaka chilichonse sakulakwa kufuna simenti pansi. Munthu amene nyumba inamugwera usiku wa mvula simungamuuze za Spain.

Komabe njerwa zootcha zimene tathamangirazo sizinatipatse nyumba zabwino monga tinkaganizira. Zambiri ndi zosapsa bwino, zomangidwa ndi matope, khoma la njerwa imodzi, lotentha masana ndi lozizira m'bandakucha wa June. Mauvuni adya mitengo ya m'mapiri onsewa, moti mu 2018 boma linaletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomanga za boma ndi za malonda. Chimene chinalowa m'malo ndi mabuloko a simenti, amene wa kumudzi sangawafike. Mdindo sufuna nkhuni, sufuna galimoto yotuta, dothi limachokera pa dzenje la kuseri kwa nyumba, ndipo khoma lokhuthala limasunga kuzizira masana ndi kufunda usiku. Chikhalirecho mafomu a kalembera sauwerengera pamodzi ndi zomangira zokhalitsa, ndipo mnyamata amene wapita kukaphunzira za zomangamanga amabwerako akudziwa kuyala njerwa, za chikombole cha amalume ake akuchita nazo manyazi.

Pempho langa likupita kwa a TEVETA ndi makoleji a ntchito zamanja. Amisiri odziwa kufinya dothi m'manja akadalipo ku Dowa ndi ku Ntchisi, koma akukalamba. Aitaneni aphunzitse, muwonjezerepo maziko a miyala, laimu wa pakhungu ndi denga lopitirira khoma, kenako mumange kalasi imodzi ya sukulu pamalo oonekera kuti anthu adzaiweruze okha ikapyola dzinja zingapo.