Luso lokonza galasi m'kabotolo

Mu 1986, ku Malvern m'dziko la England, Peter Pusey ndi William van Megen anandandalika timabotolo todzaza timipira ta pulasitiki ya PMMA. Timipirato n'tochepetsetsa, moti 1,000 titayalidwa pamzere sitikwana milimita imodzi. Funso lawo linali lakuti: kodi tinthu tolimba tosakokana tingathe kudziyala tokha mwadongosolo? Mu 1957 Berni Alder ndi Thomas Wainwright anali ataonetsa pa kompyuta kuti n'zotheka, koma panafunika manja aluso kuti maso aone.

Luso lagona pa kakonzedwe kake. Kampira kalikonse kanakutidwa ndi timaubweya ta mankhwala tofupikitsitsa kuti kasamamatire anzake, kazingogunda n'kubwerera. Kenako Pusey ndi van Megen anasakaniza zamadzimadzi ziwiri, decalin ndi carbon disulphide, mpaka kuwala kunayamba kudutsa m'madzimo ndi m'timipiramo mofanana. Chimene chikanakhala chambuu chinayamba kuonekera mpaka mkati. Atatero anatembenuzatembenuza timabotoloto kuti dongosolo lililonse lisokonekere, n'kutiika pansi, n'kudikira.

Kudikirako kunapindula. Pomwe timipira tinkatenga malo osakwana magawo 49 pa 100, zonse zinkayenda ngati madzi. Pakati pa 49 ndi 54, timakristalo tinakhazikika pansi, tikunyezimira mitundumitundu, pamwamba patatsala zamadzimadzi, malire ake ooneka bwino. Malire amenewo anawasandutsa muyeso wotsimikizira kuchuluka kwenikweni kwa timipira, chinthu chovuta kuchipima mwachindunji. Kupitirira 58, kunyezimira kunasowa m'kati mwa botolo. Kampira kalikonse kanatsekeredwa ndi anzake, monga munthu wopanikizidwa pakati pa khamu pamsika, wogwedezeka koma wosasuntha. Limeneli ndiye galasi: chinthu cholimba koma chopanda dongosolo.

Ena anamanga pa maziko amenewa. Mu 1995 timabotolo tofanana tinakwera chombo cha mumlengalenga cha Columbia, ndipo kumwambako, komwe kulemera sikukanikiza timipira, galasi linasanduka makristalo. Mu 2000 Eric Weeks, David Weitz ndi anzawo anatsata timipira kamodzikamodzi pa maikulosikopu, napeza kuti pafupi ndi galasi timasuntha m'timagulu, kena kakasuntha anzake n'kutsatira.

Zonsezi zinatheka chifukwa anthu awiri anasamala pokonza zoyesera zawo. Wophunzira sayansi aliyense ayenera kuidziwa ntchito imeneyi, chifukwa yankho lodalirika limayambira pa kukonza bwino chimene ukupima.