Muyeso wa Masukulu ndi Mlandu wa ku Philadelphia

Caka ndi caka bungwe lofalitsa nkhani la ku America, U.S. News & World Report, limaturutsa mndandanda wa masukulu ophunzitsa za malonda pa intaneti, kuyambira yopambana kufikira yotsiriza. Anthu ofuna digiri ya MBA amasankha sukulu poyang'ana mndandandawo, ndipo sukulu yokhala pamwamba imakoka ophunzira pamodzi ndi ndalama zao. Tsono nkoyenera kufunsa ngati muyeso umenewu uli woona.

Cirema cace cacikuru ndi ici: ziwerengero zambiri zimene bungwelo limayesera masukulu zimacokera kwa eni masukulu omwewo. Kuli ngati wogula cimanga kulola wogulitsa kudziyesera yekha m'nyumba, iye ali panja.

Taonani zimene zinacitika pa Temple University mumzinda wa Philadelphia. Maphunziro a MBA a pa intaneti a sukulu yace ya zamalonda, Fox School of Business, anakhala oyamba zaka zinai zotsatizana, kuyambira 2015 kufikira 2018. Sukuluyo inanena kuti ophunzira onse atsopano anapereka zotsatira za mayeso olowera ochedwa GMAT, pamene opereka anali ngati mmodzi yekha mwa asanu. M'zaka zimenezo ophunzira anacuruka koposa kawiri. Bodza litaululika mu 2018, mkulu wa sukuluyo, Moshe Porat, anacotsedwa nchito. Bwalo la milandu linampeza wolakwa mu 2021, ndipo mu 2022 linamlamula kukhala m'ndende miyezi 14. Akuluakulu adanenetsa kuti cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Koma ngakhale pasakhale bodza, coipa cina citsala. Sukulu yofunitsa malo apamwamba imayamba kusamala zokhazo zimene oyesa amawerenga, monga mayeso a olowa, nkuiwala zosawerengeka: kuleza mtima kwa mphunzitsi, ndi nzeru zimene wophunzira aturuka nazo.

Sitinena kuti mndandanda ulibe nchito, pakuti wophunzira pa intaneti, amene sadzapondako pasukulupo, asowa pomuyambira. Koma inu amene mwatsiriza sukulu ndipo mulinga kudzaphunzira motere, musalipe ndalama cifukwa ca nambala yokha. Funsani amene aphunzitsa ndani, mtengo wonse ndi wotani, ndi kumene ali lero amene anatsirizapo kale.