Makaniko Amene Amayamba Wayeza

Nyali ya ESC ikayaka, makina oyezera galimoto n'kuonetsa U0126, ambiri amathamangira kukagula sensa yatsopano ya chiwongolero. Komatu nambalayo sinena kuti sensa yafa. Imangonena kuti makompyuta a galimoto asiya kumva uthenga wa komwe chiwongolero chakhotera. Apa m'pamene makaniko wa zamagetsi amayenera ulemu. Amayamba waona fyuzi, kenako amamasula batire n'kugunditsa mita pa mapini 6 ndi 14 a pulagi ya OBD. Ikawerenga ma ohm 60, njira yaikulu ya CAN, ya mawaya awiri opotana, yomwe Bosch inaitulutsa mu 1986, ili bwino, ndipo vuto lisakidwe pa nthambi yopita ku sensa. Ikawerenga 120, penapake paduka.

Ena amati kumeneku n'kutaya nthawi poti makina anena kale. Koma makina amangotchula yemwe wakhala chete, satchula chomwe chamutseka pakamwa. Nthawi zambiri chimakhala dzimbiri lobiriwira m'kapulagi momwe munalowa madzi, kapena kawaya kopekesedwa ndi chitsulo, ndipo sensa yatsopano ikamangidwa pamenepo nayonso imangokhala duu, ndalama za mwini galimoto zitapita kale.