Chioda cha Mbumba ndi Mitima Iwiri

Pamene Dr. Hastings Kamuzu Banda anatera pa Chileka pa 6 Julayi 1958, amayi a chigwirizano chimene Rose Chibambo anachitsogolera anatenga magule a kwawo, chioda ndi chimtali, nawasandutsa zida zogwetsera chitaganya cha Welensky. Ndipo panalibe wowakoka dzanja, pakuti mtima unali umodzi monga pa dima.

Luso la chioda lagona pa kuvomera. Woyambitsa aponya mzere, bwalo lonse liuwakha, manja awomba m'mipata imene ng'oma yasiya, ndipo popeza mawu atsopano asokedwa pa maimbidwe akale ngati chigamba pa nsalu yozolowereka, ngakhale mlendo aigwira nyimbo bwalo lisanazungulire kawiri. Mphamvu yake ndi imeneyo, msampha wake ndi womwewo, chifukwa gule wotere alibe poima munthu wokayika: ukangozengereza phazi, wakumbuyo akuponda chidendene.

Chitafika chaka cha 1964, nduna zitasemphana ndi Ngwazi Kamuzu, milomo yomweyo inalamulidwa kutukwana Chipembere ndi Chiume, ndipo Mayi Chibambo, mwini kusonkhanitsa bwalo, pambuyo pake anathawira ku Zambia. Umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo zinakhala ngodya zinayi za Chipani cholamula, ndipo wapampando akaitana kokonzekera, mayi ankasiya munda wosapalira ndi mphika pamoto. Wakwatiwa kwa mphenzi saopa kung'anima. Komatu anama iye wonena kuti onse anavina ndi misozi. Ambiri anaikonda nsalu ya nkhope ya Kamuzu, anaukonda ulendo wa pa lole wokaona Blantyre, ndiponso kunawakomera kuti mwamuna, poopa Kamuzu, Nkhoswe ya amayi onse, sakanatha kutseka chitseko. Chimwemwe ndi goli zinagona pa mphasa imodzi.

Kwa ine, chimene chinavulala ndi mawu. Nyimbo ya pamtondo imaluma ndi chining'a, imadandaula mwamuna osamtchula dzina. Koma nyimbo ya pamsonkhano inaphwa, nitsala mayina aulemu obwerezabwereza, pakuti chining'a chili ndi nkhope ziwiri, ndipo Chipani chinkafuna imodzi. Miyendo yokha ndiyo sinagonje. Kumzere wakumbuyo, kumene maso a atsogoleri safika, mayi ankangoyendetsa milomo, mawu osatuluka, pamene phazi lake, lozolowera fumbi la kwawo, linkagwa pa ng'oma osaphonya ndi kamodzi komwe.