Bunyan, Nanga Otsala?

Ndawerenganso The Pilgrim's Progress, buku lomwe John Bunyan anatulutsa mu 1678. Katundu wa machimo kumsana uja amandikhudzabe, koma penapake pandivuta. Christian akuthawa mzinda wa chiwonongeko atatseka makutu, mkazi ndi ana akumuitana kuti abwerere. Kuno ku Mulanje, mwamuna wochoka chotero timati walowera ku Joni. Bambo anga anatero.

Ine kutsata Yesu ndinakuphunzira kwa mayi, amene anatsala: m'mawa kothyola tiyi, madzulo ku Mvano, usiku kutipempherera ngakhale mphika sunakhale pamoto. Bunyan anadikira mpaka 1684 kuti alembe za Christiana, mkazi wosiyidwayo, yemwe anayenda ulendo womwewo atatenga ana ake onse. Abale, mukalipeza bukuli, yambirani gawo lachiwirilo.